A Ovide ndi Mlatho Wozungulira wa pa Marron

Ku Petit Chene munthu akachedwa ku Misa, kuntchito, ngakhale ku ukwati wake womwe, sankavutika n'kupeka bodza. Ankangoti, "Ndinapeza a Ovide atatsegula mlatho," nkhani n'kuthera pomwepo. A Ovide Landreneau ankadziwa kuti anthu amabisala kumbuyo kwa dzina lawo, ndipo ankati akanakhala kuti ankatseguladi mlathowo nthawi zonse zimene ankawanamizira, bwenzi msewu waukulu utamera udzu.

Mlathowo unali wachitsulo, wa m'chaka cha 1939, ndipo ndi umene unkaolotsa msewu waukulu pa mtsinje wa Marron. Tsidya lino kunali tauni, tchalitchi, chipatala ndi fakitale ya shuga. Tsidya linalo kunali minda ya nzimbe mpaka polekeza maso, ndi nyumba za asodzi a nkhanu m'mbali mwa madzi. Chigawo chapakati cha mlathowo chinakhazikika pa chipilala chimodzi chachikulu pakati pa mtsinje. Boti likaliza hutala, woyang'anira mlatho ankatseka mageti mbali zonse ziwiri n'kuzunguza chigawocho mpaka chitaloza kolowera madzi. Maboti akadutsa ankachibweza, magalimoto n'kupitiriza ulendo. Kanyumba ka woyang'anirayo kanali pamwamba pa chigawo chomwecho, moti mlatho ukamazungulira, naye ankazungulira nawo. A Ovide anazungulira choncho zaka makumi anayi ndi ziwiri.

Ntchitoyi inali ya bambo awo, a Theophile, kuyambira masiku amene mlatho unalibe mota, pamene amuna anayi ankalowetsa chitsulo chachitali pabowo la pakati pa msewu n'kumayenda mozungulira akukankha ndi zifuwa. Ovide ali mnyamata sankaifuna n'komwe. Anathawira kunyanja, kokumba mafuta. Koma mu 1974 maondo a bambo ake anakana masitepe makumi atatu okwerera kukanyumba, ndipo iye anabwerera kwawo, akuti adzangogwirizira miyezi itatu. A Theophile anamuphunzitsa masiku asanu atakhala pampando m'munsi mwa masitepe, akukuwa malangizo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anamuuza kuti, "Zogwiragwirazo aliyense angaphunzire. Iwe uzimvetsera. Mlathowu ukamadwala umanena." Anapita kunyumba, osadzabwereranso.

Miyezi itatu ija isanathe, Ovide anaona Merline Pitre. Mmawa uliwonse boti la bambo a Merline linkadutsa polowera kunyanja, iye ali kutsogolo atavala chipewa chachimuna, akudula nyambo ya nkhanu. Sankayang'ana kumwamba ngakhale kamodzi. Ovide anayamba kuchedwa kutsegula, mphindi imodzi lero, ziwiri mawa. Mchimwene wake wa Merline, Alcide, amene ankaongolera botilo, sanachedwe kutulukira.

"Iwe wapamwambawe," anakuwa tsiku lina, "ngati ukufuna mlongo wangayu, kwathu kuli khomo. Dizilo wanga asathere maso ako."

Lamlungu lotsatira Ovide anakagogoda pakhomopo atavala jekete ya bambo ake, manja ake akutulukira kutali. Chaka chisanathe ukwati unamangidwa, ndipo za kokumba mafuta sanazitchulenso.

Kuyambira pamenepo a Ovide ndi a Alcide anakhala pachilamu cha pawailesi. Maboti onse ankalankhula ndi mlatho pa wailesi imodzi, choncho mtsinje wonse unkamvera.

"Alamu, mwagona m'kanyumbamo? Nkhanu zanga zikukalamba kuno."

"Zikalambe. Mwina ziphunzira ulemu umene mwini wake alibe."

"Mlongo wanga anakwatiwa ndi kamba, ndithu."

"Kamba yemweyo ndiye ali ndi makiyi. Dikirani."

Masiku amenewo pamlatho ndiye panali pabwalo pa tauni yonse. Mageti akatsekedwa, oyendetsa magalimoto ankazimitsa injini n'kutsika, wina kukayatsa fodya, wina kukafunsa asodzi ngati nkhanu zikugwa. Gertie Sonnier anamanga malo ogulitsirapo khofi ndi soseji zampunga pafupi penipeni ndi geti la tsidya lino, ndipo ankanena poyera kuti ana ake atatu anakula ndi ulesi wa a Ovide. Nyengo yodula nzimbe, kuyambira Okutobala mpaka Khirisimasi, malole ankatsatana ngati linthumbu, mlatho wonse ukunjenjemera, utsi wa minda yotenthedwa utakuta mtsinje. A Ovide ankadziwa lole iliyonse ndi kulira kwake. Ankadziwanso amene akuolokera kumene sayenera kuolokera, koma anali munthu wosunga pakamwa. Lamulo limene anadziikira okha linali lakuti maliro akamaoloka satsegula, ngakhale boti lilize hutala mpaka kusasa mawu.

Chimene akale a ku Petit Chene amawakumbukira nacho kwambiri ndi tsiku la namondwe wa mu 1992. Wailesi inali italengeza kuti aliyense wa tsidya linalo asamuke mphepo isanafike. Pofika masana msewu unali utadzaza magalimoto, matiresi pamwamba, agalu ndi agogo kumbuyo. Kumunsi kwa mlatho nako kunali maboti khumi ndi asanu ndi anayi, ofuna kukwera mtsinje kukabisala kumtunda. Magetsi anasankha nthawi yomweyo kuzima.

Wapolisi wina wachilendo, amene anatumizidwa kudzaongolera magalimoto, anawauza kuti mlatho ukhale chitsekere.

"Tiyambe tapulumutsa anthu, bambo. Maboti ndi matabwa chabe."

"M'matabwamo muli anthu, bwana," anayankha a Ovide, "ndipo matabwawo ndiwo munda wawo. Mundipatse mphindi khumi pa theka lililonse la ola."

"Mutsegula ndi chiyani poti magetsi kulibe?"

A Ovide anazungulira kuseri kwa masitepe n'kusolola chitsulo chachitali chija cha m'masiku a bambo awo, chimene chinali chitagona pamenepo zaka makumi atatu. Kenaka anayenda m'mbali mwa mzere wa magalimoto akugogoda pamawindo, kuitana amuna ndi maina awo. Anatuluka wansembe, wogulitsa mankhwala, odula nzimbe awiri, ndi mwamuna wa Gertie amene sankadziwika ndi ntchito yotulutsa thukuta. Anakankha mosinthana, mvula itayamba kale kuwaza. Kanayi konse anatsegula n'kutseka, ndipo ulendo wachitatu wapolisi uja anavula chipewa n'kugwira nawo. Boti lomaliza kudutsa linali la a Alcide, amene analola anzawo onse kutsogola. Podutsa anayang'ana mlamu wawo ali chiweramire pachitsulo, manja ali matuza okhaokha, n'kunena kuti, "Kodi mumathanso kutuluka thukuta?" Namondweyo anaphwasula madoko onse a kumunsi, koma pa maboti amene anaoloka tsiku limenelo palibe limene linamira.

Koma chitsulo nacho chimakalamba. Dzimbiri linayambira kunsi, kumene penti safika. Boma linakhoma chikwangwani choletsa malole odzaza, moti nzimbe zinayamba kuzungulira mamailosi makumi atatu ndi anayi kukaolokera pa mlatho wina. Basi ya ana asukulu inkaoloka yokha, magalimoto ena atayima. Zipangizo za mota zinasiya kupezeka, ndipo china chikathyoka ankachita kukasulitsa kwa mkulu wina wa kutali. Choopsa kwambiri chinali dzuwa la Ogasiti. Chitsulo chikatentha chimatalika, choncho mlatho ukatsegulidwa masana unkakana kubwerera m'malo mwake, mpaka ozimitsa moto abwere adzauthire madzi. Anthu ankaseka, amvekere mlatho wa a Ovide wayambanso kufuna kusamba. A Ovide ankaseka nawo, koma iwo ankamva chimene ena sankamva. Pansi pa kanyumba, pamene chigawo chapakati chimakhalira pachipilala, panali patayamba kulira kokukuta, ngati munthu wotafuna mchenga.

Tsiku lina masana, mu Ogasiti wa 2014, anatsegulira chombo chonyamula miyala. Pobweza, mlatho unakana. Unatsala pang'ono chabe, danga la zala ziwiri, koma unakana. Ali mkati moimbira ozimitsa moto anamva kulira kwa ambulansi tsidya linalo. Inafika pageti n'kuyima. Kumbuyo kwake kunali galimoto ya a Alcide. Akazi awo, a Noelie, anali atagwa kukhitchini, mbali imodzi ya thupi itafa.

A Alcide anatsika n'kuyima pageti, manja ali lende. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoyang'ana kumwamba, kukanyumba. A Ovide anayesa mota kutsogolo, anayesa kumbuyo, anatsika masitepe n'kuthamanga ndi ndowa kuthira madzi pachitsulo, ngakhale ankadziwa kuti ndowa singathandize kanthu. Ozimitsa moto atafika, madzi anachita ntchito yake, mlatho n'kulowa m'malo. Panali patapita mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi.

A Noelie anapulumuka, koma dzanja lamanzere silinadzukenso ndipo mawu ankatuluka movutikira. Madokotala sananene kuti n'chifukwa cha kuchedwa, ndipo m'tauni monse palibe anawaloza chala a Ovide. Koma a Alcide atabwerera pamadzi, mawu awo pawailesi anali ena.

"Boti la Pitre, ndikupempha kudutsa."

"Dutsani."

Basi. Mwezi unatha, chaka chinatha, zili choncho. Pachakudya cha Lamlungu ankapatsirana mbale bwinobwino ngati anthu aulemu. A Ovide akanakonda kutukwanidwa.

Chaka chotsatira kunabwera mayi wina wachitsikana wochokera kulikulu, ku nthambi ya boma yoona za misewu. Dzina lake anali Renee Batiste, injiniya. Anakwera masitepe onse makumi atatu, chinthu chimene mabwana anali atasiya kalekale, n'kufika pamwamba ali wefuwefu.

"Bambo Landreneau, akuti mlathowu mumaudziwa kuposa mapepala athu."

"Mapepala anuwo akuti chiyani?"

"Akuti watopa."

"Ndiye mwakwerera masitepe onsewa kudzandiuza zimene ndimamva kumapazi tsiku ndi tsiku?"

Mayiyo anaseka, koma sanachoke. Anadikira mpaka boti linaliza hutala, ndipo mlatho utayamba kuzungulira anagwada n'kuika chikhatho pansi. Kukukuta kuja kutayamba, kuseka konse kunathawa pankhope pake. Anayang'ana a Ovide.

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinalemba makalata."

"Ndawawerenga onse," anatero. "N'chifukwa chake ndabwera."

Miyezi ingapo itapita, mapulani anakhomedwa m'holo ya tchalitchi kuti anthu awaone asanapereke maganizo. Njira ina inali yongokonza mlatho wakalewo kuti upirireko zaka khumi ndi zisanu. Ina inali yomanga wozungulira watsopano pamalo pomwepo, koma msewu utatsekedwa zaka ziwiri. Imene boma linkaoneka kuti laikonda inali yachitatu: mlatho wautali wa simenti, wokwera kwambiri moti maboti azingodutsa pansi popanda wowatsegulira, womangidwa pagulaye la mtsinje, mailosi imodzi kumunsi, msewu wake n'kulambalala tauni yonse.

Petit Chene anawira. Gertie, amene tsopano anali ndi imvi ndi ndodo, anasonkhanitsa anzake n'kusindikiza malaya okhala ndi chithunzi cha mlatho wakale. Oyamba anakawapereka yekha kwa a Ovide.

"Lachinayi kumsonkhano ukakhale kutsogolo, Ovide. Iweyo ukalankhula, a kulikuluwo akamva."

A Ovide analandira malayawo, n'kuthokoza, n'kukawaika pamwamba pa firiji. Lachitatu madzulo a Merline ankaswa nkhanu patebulo, amuna awo atakhala moyang'ana pawindo.

"Malaya a Gertie aja muvala?"

"Ndi aang'ono."

"Si aang'ono. Mimba imeneyo ndinailera ndine. Nenani zoona, mdala."

A Ovide anachotsa maso pawindo. "Ndikanena zimene ndikudziwa, adana nane."

"Ena adana nanu. Nanga mukapanda kunena, mudzagona?"

"Mlathowo bambo anausiya m'manja mwanga."

"Apongozi anakusiyirani ntchito yoolotsa anthu," anatero a Merline, akuswa nkhanu ina. "Sanakusiyireni chitsulo kuti muzichipembedza. Idyani, msuzi ukuzizira."

Lachinayi holo inadzaza mpaka pakhomo, malaya a Gertie ali mbwee. Renee anafotokoza mapulani ake anthu akung'ung'udza. Analankhula wogulitsa petulo, analankhula mphunzitsi wopuma amene anawerenga mbiri yonse ya mlatho papepala, analankhula Gertie mpaka misozi. Kenaka maso onse anatembenukira kwa a Ovide. Anaimirira atavala shati yawo ya kutchalitchi, chipewa chili m'manja.

"Nonse mukundidziwa," anayamba, "ndipo ambiri a inu mwandinamizirapo." Anthu anaseka. "Mlathowu unandilera. Unandipatsa mkazi. Ndaupaka girizi zaka makumi anayi ngati ndikusambitsa kholo langa. Ngati muno muli woukonda kuposa ine, aimirire ndimuone."

Palibe anaimirira.

"Ndiye mundimvere. Mlathowu watha. Mukaupaka penti ukongola, koma chimene chikulira pansi pa kanyumba kanga penti sachifika. Mmawa uliwonse basi ya ana ikakwera, ine ndimasiya kupuma mpaka itsike. Ndinaonerera ambulansi itayima pageti, ine ndili pamwamba, makiyi ali m'manja, wopanda chochita. Sindifuna kuti wodzandilowa m'malo adzaone zimenezo. Amange wautaliwo."

Woyamba kuyankha anali Gertie.

"Zoona, Ovide? Zaka zonsezi wamwa khofi wanga."

"Poti chaka chamawa akupuma ntchito," anatero wina kumbuyo, "zimukhudza chiyani?"

Apo mpando unakhuluka pakona. A Alcide, amene anali asanalankhule chifikire, anaimirira.

"Musiyeni mlamu wanga. Mu ambulansi akunenayo munali mkazi wanga. Wofuna mlatho wokongola aujambule, akakhome chithunzicho kuchipinda kwake." Anakhala pansi osayang'ana aliyense.

A Ovide anatembenukira kukhoma kumene kunali mapulani.

"Sindinamalize. Mayi Batiste, wautaliwo mumange, koma pamene mwaujambulapo ayi. Choyamba, msewu ukalambalala tauni, muno mutsala agalu okha. Chachiwiri, chipilala ichi," analoza ndi chipewa, "zombo zidzachigunda chaka chisanathe. Pagulaye pamenepo mphepo ya kumpoto ikamawomba, madzi amaphwa, ndipo chombo chikamakhota matako ake amaseserekera pomwepo."

"Tinayeza kayendedwe ka madzi pamenepo, bambo," anatero Renee mwaulemu.

"Munayeza mwezi wanji?"

Renee anatsegula mapepala. "Juni."

"Mudzabwere Januwale."

Anabweradi. Unali mmawa wozizira wolasa m'mafupa, mphepo ya kumpoto ikuweramitsa mabango. Boti lotengera iye ndi a Ovide kugulaye linali la a Alcide. Renee analoza pamene chipilala chidzakhale, ndipo a Alcide anaponyapo chigubu chofiira chomangirira mono wa nkhanu. Anakocheza m'mbali n'kumadikira, akumwa khofi wa m'fulasiki. Ola linatha, lachiwiri linayamba. Milomo ya Renee inali itachita kuyera.

"Galu wamkota sakandira pachabe, mayi," anatero a Alcide. "Koma uyu nthawi zina amakanda chifukwa cha nthata."

A Ovide anatembenuka kuwayang'ana. Anali mawu oyamba otere m'miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri.

"Nthatazo ndazitenga m'boti muno," anayankha. "Munalitsukapo chigulire?"

"Mlendo wosalipira amadandaula kwambiri."

Asanapitirize, kumtunda kunamveka kugunda kwa injini. Linali boti lalikulu lokankha zombo ziwiri zamiyala. Woongolera wake anayamba kukhota bwinobwino, monga amachitira aliyense wodziwa mtsinje. Koma mphepo inagwira chombo chakumbuyo, n'kuyamba kuchikankhira chammbali pang'onopang'ono, mosabwezeka, mpaka chinakwera pa chigubu chofiira chija. Chigubucho chinatulukira kumbuyo chitaphwanyika, chikuzungulira m'thovu.

Renee anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa kabuku m'thumba n'kuyamba kulemba, zala zikukanika kugwira cholembera.

"Mono wanga mundibwezere, alamu," anatero a Alcide akuliza injini. "Nzeru zinali zanu."

Kujambulanso mapulani kunatenga chaka ndi miyezi iwiri, ndipo Renee anakangana ndi mabwana ake kangapo asanavomere. Mzere watsopano unabwera pafupi ndi mlatho wakale, pamene mtsinje uli woongoka, msewu wake n'kutsikira m'tauni momwemo, kuseri kwa tchalitchi. Koma njira imeneyo inafuna malo. Panayenera kuchoka nyumba yosungiramo katundu ya fakitale ndi nyumba zina zitatu, ndipo imodzi mwa izo inali ya a Theophile, imene a Ovide anabadwiramo, yomwe inali itakhala yopanda munthu chimwalirire mayi awo. Renee anabwera yekha kudzawauza, asanalandire kalata.

"Ndayesa kukhotetsa, bambo. Zikukanika."

"Musakhotetse," anatero a Ovide. "Ndinayambitsa ndine." Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti awalole kuzula mtengo wa nkhuyu umene mayi awo anadzala kuseri. Anakaudzala kwawo, ndipo unagwira.

Anapuma ntchito kumapeto kwa 2016, mapulani asanasainidwe n'komwe. Tsiku lomaliza maboti onse amene anali pamtsinje analiza mahutala nthawi imodzi, ndipo iwo anatsika masitepe aja pang'onopang'ono, maondo akuwakumbutsa bambo awo. Kumanga kunayamba patapita zaka zinayi. Nthawi yonseyo mlatho wakale unapirira, ukutsegulidwa mmawa ndi madzulo okha nyengo yotentha. A Ovide ndi a Alcide ankakhala pa doko tsiku ndi tsiku kuonerera makina akukhoma zipilala m'matope, aliyense akuuza mnzake mmene amisiriwo akulakwitsira.

Gertie anakhala zaka ziwiri osawapatsa moni. Tsiku lina a Ovide atalowa kudzagula soseji, iye anawaikira kapu ya khofi patsogolo osanena kanthu, ndipo nkhani inatha choncho. Koma mantha ake sanali opanda pake. Mlatho watsopano utatsegulidwa, magalimoto ankatsikiradi pafupi ndi khomo lake, koma panalibenso woyima. Panalibe geti, panalibe chodikira. Patatha chaka Gertie anatseka malo ake n'kupita kukakhala kwa mwana wake kutauni yaikulu. A Ovide anakamuthandiza kunyamula mipando. Mlatho wakale anaudula zidutswazidutswa n'kuunyamula pa zombo. A Ovide sanapite kukaonerera.

Watsopanowo anakhala miyezi itatu osauoloka. Ankati alibe chokatenga tsidya linalo. Tsiku la kubadwa kwa a Noelie, Yvette, mwana wa a Ovide, anabwera ndi galimoto n'kuwauza kuti zokana zatha. A Merline anakhala kutsogolo atafukata mphika wa gambo, msuzi wa nkhanu ndi therere, a Ovide kumbuyo, chipewa pamaondo. Galimoto inayamba kukwera, n'kumangokwerabe.

"Yendetsa pang'ono, mwanawe."

"Pano saima, adadi. Kumbuyoku kuli lole."

"Sindinati uyime."

Yvette anachepetsa liwiro. A Ovide anasuzumira pawindo. Zaka zonse zija ankaganiza kuti kanyumba kawo kanali pamwamba, koma apa denga la tchalitchi linali pansi pawo, fakitale ili pansi, minda ya nzimbe itayalidwa ngati mphasa zobiriwira. Anaona mtsinje wonse ukukhota pagulaye, ukudutsa m'madambo, ukugawikana, ndipo kutali kwenikweni kunali kamzere konyezimira.

"Merline, icho n'chiyani?"

A Merline anayang'ana. "Ndi nyanja, mdala."

"Ili pafupi chonchi? Nanga mchimwene wanu ankadandauliranji za dizilo?"

"Mukamufunse nokha. Yvette, samala pagulayepo, gambo angatayike."

Galimoto inayamba kutsika. A Alcide anali atayatsa kale moto panja, ndipo a Noelie anali pakhonde, akuwakodola ndi dzanja lamanja.